Tisiyenji Woveka Nyumba

Ku Kambombo, apongozi akamabwera kudzaona pakhomo panu koyamba, inu m'nyumba mulibe choonetsa, munthu woyamba kumuthamangira anali Tisiyenji, amene ambiri ankamutchula kuti NyaGoma. Ntchito yakeyo iye ankaitcha kuveka nyumba. Ankati nyumba siyenera kuima maliseche pamaso pa alendo. Mukamuuza lero, mawa lake mumangoona katundu wa mudzi wonse akusamukira kwanu pang'onopang'ono: mipando ya kwa katekisiti, tebulo la kwa telala, mbale zadothi za mayi wina amene mwamuna wake anagwirako ntchito ku migodi, ngakhale wayilesi yakufa kalekale yoti ingokhala pakona ndi kansalu pamutu. Alendo akachoka zonse zinkabwerera kwa eni ake, ndipo palibe ankatsegula pakamwa, chifukwa aliyense ankadziwa kuti tsiku lake lovekedwa likubwera.

Luso limeneli silinagwe kuchokera kumwamba. Ali mtsikana, akuchimuna atabwera kudzamufunsira anapeza mayi ake ali ndi mbale imodzi ya ndiwo, yong'aluka pakamwa. Mmodzi mwa azimayi aja anasekera kukhoma, koma Tisiyenji anamva. Ukwati unachitika ndithu, mwamuna anamutengera ku Mufulira, anakhalako zaka zingapo m'nyumba ya magetsi, mwana osabwera. Apongozi akafuna kumulasa pamtima sankayambira za mwana, ankayambira za mbale ija. Tsiku lomwe anamukweza basi kuti abwerere kwawo anali ndi tinsalu toluka toyala pamipando, ndi lumbiro lakuti iye ali moyo mlendo sadzasekanso khomo lililonse la ku Kambombo.

Mwana anakamupeza kwawo konko. Mlongo wake Sunday, munthu wofatsa wodziwa khasu ndi mowa wa Loweruka basi, anaferedwa mkazi, ndipo anatsala ndi kamtsikana koyamwa. Tisiyenji anakanyamula osafunsa munthu. Kanali Tryness, ndipo katayamba kulankhula kankamuitana kuti ankhazi, monga Asenga amaitanira mlongo wa bambo awo. Mwanayo anakula ndi mutu woopsa. Masamu amene aphunzitsi ankatuluka nawo thukuta pabolodi, iye ankawamaliza akutola nkhuni. Tryness atasankhidwa kupita ku sekondale pa boma, Tisiyenji anawonjezera munda wa mpunga, n'kumasenza mpungawo pamutu mpaka ku msika wa ku Chama, kuti mwana akhale ndi yunifolomu, sopo ndi makope. Khosi la Tisiyenji linakhota pang'ono m'zaka zimenezo ndipo silinawongokenso. Mwamuna aliyense wobwera ndi mawu a ukwati kwa Tryness ankabwerera pakhomo asanakhale pansi.

Tryness analemba mayeso omaliza m'chaka cha chilala, 1992, anthu akudya chimanga chachikasu chochokera kunja. Zotsatira zitabwera, a Cyprian Mwansa, aphunzitsi ake a masamu ochokera ku Kabwe, anapalasa njinga mpaka ku Kambombo kudzanena okha kuti mtsikanayo wapeza mapointi ochepa kuposa mwana aliyense m'boma lonse. Sunday anagwetsa nkhope n'kuyamba kupepesa, nati mwanayo anali ndi njala, amukhululukire. Zinatenga nthawi kuti amve kuti pa mayeso amenewa wopeza zochepa ndiye wapambana. Yunivesite ya ku Lusaka inamupatsa Tryness malo oti akaphunzire za misewu ndi milatho, malo amene ana a mabwana a m'tauni ankalimbirana ndi zigongono.

Koma malo paokha sanyamula munthu kuchoka ku Kambombo. Pankafunika ulendo, fizi, mabuku, chogona ndi chodya kwa zaka zisanu, ndipo mpunga wa pamutu sukanafika kumeneko. A Cyprian anafufuza mpaka anapeza bungwe lina la ku Lusaka, loyendetsedwa ndi thandizo la anthu akunja, limene linkatenga mwana mmodzi wanzeru wa m'banja losauka m'maboma akutali n'kumuphunzitsa mpaka kumaliza. Za nzeru panalibe chokambirana. Chotsala chinali chakuti munthu wa bungwelo abwere adzaone pakhomo ndi maso ake.

Uthenga unafika ndi munthu wa njinga. A Cyprian anatumiza mawu oti alendo a ku Lusaka afika Lachisanu, ndipo a pakhomo asavutike kukonza chilichonse, asiye zinthu mmene zilili. Ine ndimawaimba mlandu a Cyprian pamenepa. Munthu wakhala m'chigwa chathu chino zaka zonsezo osadziwa kuti mlendo aliyense amanena kuti musavutike? Kwa Tisiyenji mawuwo anali ulemu chabe, ndipo ulemu umabwezedwa ndi ulemu. Komanso awa sanali apongozi wamba. Anali anthu odzatenga mwana wake kupita naye pakati pa ana a nduna, ndipo iye sakanalola kuti akamulowetse kumeneko akudziwa kuti wachokera pa mbale yong'aluka.

Nyumba ya Sunday inavekedwa mmene nyumba ina iliyonse sinavekedwepo. Makoma anazira dothi loyera, pansi anatsutsuta mpaka kuwala. Kunabwera mipando, tebulo, makapu ofanana onse, wotchi yapakhoma yoima, ndi njinga ya katekisiti yotsamira pakhonde ngati mwini wake wangotsika. Mbuzi za mabanja atatu zinamangiriridwa kuseri. Nkhokwe, imene inali ndi makoswe okha, anaidzaza mapesi n'kuyala chimanga chobwereka pamwamba. Tryness anavekedwa diresi la mkazi wa telala ndi nsapato zothina, Sunday jekete la maliro la mudzi wonse. Mtsikanayo anayesa kunena kuti mwina aphunzitsi ankatanthauzadi zomwe ananena, koma ankhazi ake anamuuza kuti masamu ndi ake, alendo ndi a akuluakulu.

Anabwera pa galimoto yoyera a Christine, mayi wa ku Lusaka wa magalasi akuda ndi nsapato zosayenera fumbi. Anakhala pampando wa katekisiti, anasamba m'manja m'beseni la mwini wina, anadya nkhuku ndi mpunga wonunkhira mpaka kunyambita zala. Anayamikira kwambiri. Anazungulira pakhomo, anasuzumira m'nkhokwe, anayang'ana mbuzi, anafunsa ngati wayilesi imagwira bwino Lusaka, Sunday n'kuvomera ndi mutu monga anamuphunzitsira. Pochoka anapatsidwa tambala wamoyo. Tisiyenji anaperekeza galimotoyo ndi maso, mtima uli m'malo, ndipo madzulo ake pobweza katundu ankavina m'njira.

Patapita milungu ingapo a Cyprian anafika, anagwetsa njinga pansi osaiimika, ndipo sanadikire kuti awalonjere.

"NyaGoma, mwachita chiyani? Akuti pakhomo pano pali mbuzi, njinga, wayilesi, nkhokwe yodzaza. Akuti banja ili lingazipangire lokha."

"Manje munali kufuna kuti alendo akhale pansi ngati agalu, aticha?"

"Anabwera kudzaona umphawi. Imwe mwaubisa."

Tisiyenji anakhala pansi pomwe anaimapo. M'moyo wake wonse anali asanamvepo za mlendo woyenda ulendo wa masiku kudzaona maliseche a mnzake, n'kukhumudwa atamupeza atavala. Kenako anamva amene watenga malowo. Anali Bradley, mwana wa a Robson, bwana wina wa pa boma wokhala m'nyumba ya malata ndi firiji ya palafini. A Robson anali ataphunzira bwino m'chaka cha chimanga chachikasu mmene anthu othandiza amakondera kuona zinthu. Anatumiza mnyamatayo kumudzi ku Tembwe, kukakhala sabata imodzi m'kanyumba kodontha ka mayi ake a wantchito wawo, opanda nsapato, atavala kabudula wong'ambika kumbuyo. Kumeneko anali mwana wamasiye. Akuti a Christine anapukuta misozi. Boma lonse linkadziwa, ndipo mabwana anzawo ankawagulira mowa a Robson powatama kuti ndi ochenjera. Mwana wamasiyeyo anapita ku Lusaka atakhala kutsogolo kwa galimoto, bambo ake akumubayibitsa.

A Cyprian, kunena zoona, sanagone. Tchuthi chitafika anapita okha ku Lusaka, anagwira anthu miyendo ku yunivesite mpaka anavomera kusunga malo a Tryness kwa chaka chimodzi, n'kunena momveka kuti sadzasunganso kachiwiri. Anapitanso ku bungwe lija kukafotokoza za kuveka nyumba. Anawaseka, koma analonjeza kuti mvula ikatha, msewu wa ku Lundazi ukayamba kudutsika, abweranso. Chaka chimenecho Tryness anachithera m'munda, kuingitsa mbalame pa mpunga ndi kumenya zitini njovu zikayandikira, buku la masamu lili m'thumba la mbewu. Sanawanene ankhazi ake ngakhale kamodzi, ndipo kusanenako n'kumene kunkamuwawa kwambiri Tisiyenji.

Nthawi itayandikira, a Cyprian anabwera kudzaphunzitsa banja lonse umphawi. Zinali zoseketsa mwina, munthu wa malipiro kuphunzitsa anthu ogona pamphasa mmene osauka amaonekera, koma palibe anaseka. Anati zoona zokha sizikwanira, chifukwa akupikisana ndi anthu odziwa kusewera. Tisiyenji anamvetsera, kenako anagwira ntchitoyo mwaluso lomwe lija, chobwerera m'mbuyo. Mpando umodzi womwe Sunday anali nawodi unakabisidwa kwa aneba. Nkhuku zinapita kwa katekisiti. Chitseko anachizula n'kupachikapo thumba. Pabwalo anasiya kusesa, ndipo m'mawa uliwonse dzanja linkapita lokha kutsache iye n'kulibweza. Chitenje chimene anasankha kuvala chinali chomwe ankaphulira miphika. Anthu odutsa ankayang'ana kumbali pomulemekeza, poti khomo la NyaGoma linali lisanaonekepo chotero.

A Christine anabweranso, ulendo uno ndi mnyamata wa kamera ndi kawayilesi kojambulira mawu. Anakhala pa chitsa atayalapo mpango wawo. Anapatsidwa madzi m'chikho, osati kanthu kena, ndipo Tisiyenji ankamva ngati nkhope yake ikusupuka, chifukwa mlendo anali asanachokepo pakhomo pake ndi njala.

"Amai, chaka chatha munaninama," anatero a Christine. "Manje nifuna zoona chabe."

Anayang'ana zonse ndipo anakhutira. Nkhokwe inali mbee, denga linkaonetsa thambo. Koma atakhala pansi anafotokoza, mosabisa ndi mosachita manyazi, kuti njala yokha sikugwiranso mitima ya anthu akunja. Njala ili m'boma lililonse. Chaka chino opereka thandizo akufuna mtsikana wopulumutsidwa ku chinachake, wolimbana ndi miyambo yoipa ya kwawo. Anatsegula kawayilesi kaja n'kufunsa Tryness kuti ndani ankamuletsa sukulu. Tryness anati palibe. Anafunsa ngati panalibe wofuna kumukwatitsa ali wamng'ono. Anati panalibe, ankhazi ake ankathamangitsa aliyense. Anafunsa ngati sanamenyedwepo chifukwa chowerenga. Mtsikanayo anapukusa mutu.

A Christine anazimitsa kawayilesi. Anauza mnyamata wa kamera m'Chingerezi kuti ku boma lina kuli mtsikana amene amalume ake anamutsekera m'nyumba, ndipo nkhani yake ndi yamphamvu. Tisiyenji Chingerezi sankachimva, koma anakhalapo zaka zambiri akuyang'ana nkhope za alendo, ndipo ankadziwa nkhope ya munthu amene wayamba kale ulendo wobwerera. Anaona chikwama chikutsekedwa. Anaona a Cyprian akuyang'ana pansi. Malo a ku Lusaka anali kutuluka pabwalo pake kachiwiri, ndipo kachitatu kunalibe.

"Mwana uyu akunibisa chifukwa cha ulemu," anatero Tisiyenji. "Ndine. Ninali kufuna kumukwatitsa kwa mdala wa ng'ombe ku Lundazi."

Chikwama chinatseguka. Tryness anafuna kudzuka, koma chala cha ankhazi ake chinamutsina pantchafu mpaka anakhalanso. Ndipo Tisiyenji, amene sankachita chinthu mwatheka, anaiveka nkhaniyo bwinobwino. Anati mdalayo anali ndi akazi atatu ndi mano awiri. Anati mabuku a mwanayo ankayatsira moto. Anati ankamumana chakudya akabwera ku tchuthi, kuti atope ndi sukulu. Mawu ankatuluka okha, iye akuwamva ngati akutafuna chinthu chowola, ndipo a Christine ankagwedeza mutu mokondwa, akuti ndi zimenezi, ndi zimenezi. Atafunsidwa ngati ndi zoona, Tryness analira osayankha, ndipo kuliraku kunajambulidwa ngati umboni. Pomaliza anamuimika Tisiyenji pafupi ndi nkhokwe, anamuuza kuti apinde manja, asamwetulire, ayang'ane kamera ngati wakwiya. Pamenepo sanafunikire kunamizira.

Tryness anapita ku Lusaka. Tisanamizire anthu, bungwelo linamusamala. Miyezi yoyamba inali yowawa: anzake ankamuseka kalankhulidwe, m'kalasi mwake atsikana anali owerengeka, ndipo zida zojambulira mapulani anali asanazigwirepo chibadwire. Bungwe linamupezera wophunzira wamkulu womuthandiza, linamugulira mabuku, linamulipirira chipinda, atadwala malungo linamutengera kuchipatala. Pofika chaka chachiwiri omuseka aja ankabwera kudzakopera kwa iye. Mtengo wake unali umodzi. Chaka chilichonse kunkakhala phwando ku hotela, kumabwera opereka thandizo, ndipo Tryness ankaimirira kutsogolo pakati pa nyama ndi zotsekemera n'kufotokoza za ankhazi ake oipa, chithunzi chija chili pakhoma kumbuyo kwake chachikulu ngati chitseko. Anthu ankalira, ankaomba m'manja, kenako ankapitiriza kudya.

Chithunzicho chinafikanso ku Chama pa timabuku ta bungwelo. A ku Kambombo ankadziwa zoona ndipo ankangotsonya. Koma pa boma pali anthu obwera, anamwino ndi makalaliki osintha chaka ndi chaka, ndipo iwo ankakhulupirira zosindikizidwa. Tisiyenji akatula mpunga wake pamsika, azimayi ena ankakodolana n'kukagula kwa wina. Mkazi wa a Robson, amene mwana wake wamasiye anabwezedwa ku yunivesite chaka choyamba chisanathe, anamuuza pagulu kuti anthu a m'midzi alibe chisoni ndi ana. Tisiyenji anangomuyezera mpunga wake. Kuveka nyumba anapitiriza, chifukwa apongozi sanasiye kubwera ku Kambombo, koma kuvina m'njira kunatha.

Chaka chachinayi kunabwera choipa kuposa zonse. Mayi wina wachizungu wokalamba, amene ankapereka gawo lalikulu la thandizo la Tryness, anafuna kuona ndi maso ake kumene mtsikanayo anapulumukira. Uthenga unatsogola woti pakhomo pakhale ngati pa chithunzi. Chitseko chinazulidwanso. Mayiyo anali munthu wabwino, ndipo ndi chimene chinkanyansa kwambiri, chifukwa panalibe pomudera. Anatsika galimoto atafiira ndi kutentha, anagwira Tryness padzanja ngati mwana wake, ndipo ataona Tisiyenji anaima kaye ngati munthu amene wakumana ndi njoka yomwe anangoimva mbiri. Kenako anadzilimbitsa mtima, anamuyandikira, anamugwira manja onse awiri n'kulankhula motalika, maso ali ndi misozi. A Christine anamasulira. Akuti iwo sanabwere kudzaweruza. Akuti umbuli si tchimo. Akuti Tryness wamukhululukira, iwonso amukhululukira, ndipo akufuna kumva pakamwa pake ngati tsopano waona kuti mwana wamkazi ayenera kuphunzira.

Mudzi wonse unali utazungulira. Panali anthu amene anamuona akusenza mpunga m'matope ofika m'mawondo, anthu amene nyumba zawo anaziveka. Tryness anatsegula pakamwa, ndipo Tisiyenji anamuyang'ana kamodzi kokha. Kunali kutatsala chaka chimodzi. Anagwada pafumbi losasesa, khosi lake lokhota lili pambali, anaomba m'manja mwaulemu.

"Yewo, amama. Naona manje."

Anamupatsa mphatso ya sopo ndi bulangeti, anamujambulanso akulandira. Galimoto itachoka anapita kuseri kwa nyumba n'kulavula mpaka m'kamwa munauma. Tryness anamupeza komweko. Mtsikanayo anati sangathenso, akawauza zonse, zikatha zithe. Ankhazi ake anamukalipira ngati kamwana, anati sanadye zonyansa zonsezi kuti iye akazitaye patsala pang'ono. Koma anamulumbiritsa chinthu chimodzi: tsiku lomwe pepala lake lidzalowe m'manja mwake, losalandika ndi munthu, adzaimirire pa phwando lawolo n'kunena kuti ankhazi ake anali ndani. Tryness analumbira. Lumbiro limenelo ndi lomwe linamudyetsa Tisiyenji chaka chonsecho. Ankaganizira nkhope ya a Christine, ankaganizira mafoloko akugwa m'mbale, ndipo nthawi zina ankaseka yekha ali m'munda.

Tryness anamaliza mu 1999, pamwamba penipeni pa kalasi yake, ntchito ikumudikira kale. Anafika ku Kambombo dzuwa lili pamutu, atakwera kumbuyo kwa lole ya thonje. Sunday analira, azimayi analuluta, pepala linayenda m'manja mwa anthu osadziwa kuwerenga, aliyense akulipukutira zala pachitenje asanaligwire. Tisiyenji anadikira mpaka anthu atachepa. Anamukokera pakhonde.

"Wawauza?"

Tryness anapukusa mutu. Kenako anafotokoza. Pa phwando lomaliza, iye asanaimirire, a bungwe analengeza kuti chifukwa cha nkhani yake opereka thandizo awonjezera, ndipo kuyambira chaka chimenecho bungwe lizitenga atsikana atatu a ku Chama chaka chilichonse m'malo mwa mwana mmodzi. Awiri anali atasankhidwa kale ku Tembwe. Wachitatu anali mwana wa katekisiti wa pa Kambombo pomwepo, kamtsikana kamene Tisiyenji anakaonapo kakubadwa. A Christine anamunong'oneza asanapite kutsogolo kuti anthu akunja sakonda kupusitsidwa, akangomva kuti nkhani ya ku Chama inali yabodza, boma lonselo alitseka ndipo sadzalitsegulanso. Choncho anaimirira, ananena za mdala wa ng'ombe, za mabuku oyatsira moto, monga chaka chilichonse. Ndipo amupempha kuti azibwerabe kudzanena.

"Ankhazi, nikhululukireni. Mukaniuza kuti nipite nikanene, nizapita."

Mkwiyo unamukwera Tisiyenji mpaka m'makutu, osati pa mwanayo, koma pa anthu okhuta amene sangatambasule dzanja asanaonetsedwe munthu woipa. Ankafuna dzina lake. Analifuna ndi mtima wonse, ndipo anali atalidikira zaka zisanu. Kutsidya kwa bwalo mkazi wa katekisiti ankapeta mpunga akuimba, poti mwana wake akupita ku Lusaka. Tisiyenji anamuyang'ana, analavula pambali, anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Atatu, wati?"

"Atatu, ankhazi."

"Ukapitanso, uwauze kuti ninakumangiriranso pamtengo. Kapena angatenge anayi."